Kaseti ya Dontho Lofiira

Tadala, ika foniyo pansi kaye. Iwenso Chisomo sendera kuno, manjawo azisankha nandolo makutu akumva. Kuyambira dzana mwakhala mukundizungulira ngati nkhuku zaona lichero, nkhani yake imodzimodzi: agogo tsegulani sutikesi, agogo tipatseni kaseti. Akuti ku Limbe kuli munthu amene amachotsa mawu mu kaseti n'kuwalowetsa mu foni, ndiye Loweruka pa mwambo wa chiliza mukufuna anthu onse amve agogo anu aamuna akuimba. Bambo anu a Petulo auza kale wa masipika. Ine ndakhala ndikukuuzani kuti kiyi watayika. Sanatayike, ndi uyu ali pakhosi pangayu, ndipo kaseti ilimo m'sutikesimo. Koma musanaigwire mumve nkhani yake, chifukwa zimene mukufunazo sizitheka, ndipo wolakwa ndine. Kapena mwina sindine. Pamenepo ndi pamene mutu wanga umaima.

Inu munawapeza agogo anu a Layisoni atakalamba, akungokhala pansi pa mango apo kumata matayala a njinga za anthu. Simudziwa kuti munthu uja ankaimitsa msika wa Migowi. Masiku amenewo kuno kunalibe kanema. Kuseka kunkabwera ndi munthu, wapansi, thukuta lili kamukamu. Pa ukwati, potsekera sukulu, kapena gule wa tchopa akatha anthu asanabalalike, ankaitana agogo anuwo. Ankadzola ufa kumaso, kuika pilo pamimba, n'kuvala jekete yong'ambika imene amalume awo anabwera nayo ku Joni. Banjo anapanga okha, galoni ya mafuta ndi mawaya a mabuleki. Ankatha kulira ngati basi ikukwera chitunda. Ankatha kuyenda ngati wazaumoyo woyendera zimbudzi, mphuno m'mwamba, kope m'khwapa. Azimayi ankagwa pansi ndi phwete, ena kuthamangira kuseri kwa nyumba. Ine ndinkaima kumbuyo ndi bambo anu kumsana, n'kumangowayang'ana anthuwo m'kamwa. Choseketsa n'chiyani? Munthu wangodzola ufa, ufa wake wosinja ine ndemwe.

Musaganize kuti ndinabadwa wopanda kuseka. Mbuzi itadya maluwa a mkwatibwi pakhomo la tchalitchi ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma za amuna angazo sizinkandifika. Iwo ankadziwa. Akaponya nthabwala anthu onse n'kuphulika, maso awo ankadumpha mitu ya anthu kufunafuna ine kumbuyo kuja. Akandipeza nditatseka pakamwa ankagwedeza mutu pang'ono, n'kuyamba ina. Pobwerera ankandifunsa kuti lero yokha sinakukhudzeni? Ine ndinkati munachita bwino, anthu asangalala. Ankati sanafunse za anthu.

Zoseketsa zanu za masiku anozi ndiye zimandisokoneza kuposa pamenepo. Kanema woyamba ndinamuonera ku Migowi komweko, masana, m'kanyumba ka malata kotentha ngati uvuni wa njerwa. Munali mzungu wowonda amene ankangogwa pa mpando. Akagwa, anthu ambirimbiri ankaseka mkati mwa bokosimo, koma osaoneka. Ndinafunsa wokhala pambali panga kuti anthuwo akhala pati, iye anandiuza kuti nditonthole. Chaka chatha iwe Tadala unandiuza kuti kuseka kuja anakujambula kalekale, amangokubwereza, mwina osekawo anamwalira. Ndiye kuti malemu akuseka munthu amene sanamuonepo? Ndinalephera kudya tsiku limenelo. Palinso kanema uja wa Mtchaina wolankhula Chichewa cha ku Ndirande, pakamwa pakupita kwina mawu kwina. Ndi izi za mufonizi, munthu wavala nsalu ya mayi ake, walankhula kawiri, zatha, inu mwagona kale pansi ndi kuseka, chala chapita kale pa wina. Agogo anu ankatenga theka la tsiku kuti afike pa choseketsa. Zonsezo, zakale ndi zatsopano, ine zimandidutsa chimodzimodzi.

Tsono nyimbo imene ili pakamwa panuyo, ya njinga, inayamba chonchi. Tsiku lina tinkachokera ku msika, iwo akupalasa, ine ndili pa kaliyala ndi mtolo wa makaka pamiyendo. Mukudziwa pamchenga paja, musanafike pa mlatho? Njinga inaterereka, ine khu! pansi, pakamwa pa mwala. Dzino ili likusowa apali linatsala pomwepo. Iwo anaongola chiwongolero n'kupitiriza. Ndinaitana, koma munthu anali pakati pa nkhani, akufotokoza za mlamu wawo amene anagula wailesi yopanda mabatire. Anapalasa mpaka kunyumba akulankhula okha. Atafika pabwalo n'kunena kuti tsikani mayi, ndi pamene anatembenuka.

Anabwerera ali wefuwefu, anandipeza ndikuyenda wapansi, magazi pa bulauzi, makaka pamutu. Anapepesa, zoona anapepesa, misozi ili m'maso. Anandiphikira phala masiku atatu. Koma sabata isanathe ndinamva banjo kuseri kwa nkhokwe, ikuyesa mawu pang'onopang'ono ngati wakuba:

Ndacheza ndi kaliyala
kuchokera pamchenga mpaka kwathu,
kaliyala sakundiyankha,
ine ndimati mayi akwiya.

Akafika pamenepo ankaleka kuimba, n'kutembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana kumbuyo, maso ali tong'o, ndipo anthu onse ankakuwa pamodzi kuti, "Watsala!"

Mukuseka. Onani, ngakhale inu mukuseka, chonsecho ndaimba ine wopanda mawu. Tandiuzeni tsono, wopusa ndani pamenepa, amene wagwa kapena amene wayenda mtunda wonsewo akucheza ndi chitsulo? Ine ndinkaona kuti wosekedwa akhale iwowo. Koma dzina linagwera ine. Ku chitsime, ku chigayo, ku sikelo, ana ankandithamangira kumbuyo kukuwa kuti watsala. Amayi akuluakulu a mvano ankandipatsa moni bwinobwino, ndikangopotoloka ndinkamva kutsokomola kwabodza. Nditawadandaulira amuna anga, anadabwa zenizeni. Anati nyimboyo akudzinyoza okha, ndipo anaipeka kuti dzino lija lisandiwawe mumtima, ndiziti ndikalikumbuka ndiziseka. Ena ankati sindiseka chifukwa ndikubisa gwelu. Kaya. Mwina n'zoona, mwina ayi.

Ku Migowi kunali a Che Amidu, Msilamu wa golosale, munthu waulemu amene ankakonda nthabwala kuposa malonda. Anabwera ndi wailesi ya kaseti kuchokera ku Limbe, yayikulu ngati mwana wa mbuzi, yodya mabatire asanu ndi limodzi. Lamlungu lina masana anawaitana agogo anu kuseri kwa golosale, anatseka chitseko, anauza akazi awo kuti aleke kusinja, n'kudina mabatani awiri pamodzi. Agogo anu anaimba nyimbo zawo zonse, ya njinga kawiri. Pakati pake munalowa tambala wa a Che Amidu, ndipo omvera kasetiyo anazolowera moti ikamafika pamenepo ankayamba kulira okha tambala asanalire. Atamva mawu awo akutuluka m'bokosi koyamba, agogo anu anavula chipewa n'kukhala pansi. Anati munthu uyu ndikumudziwa koma sindinakumanepo naye.

Kaseti inali imodzi yokha. Ambiri anapempha kuti akaijambulitse ku tauni, iwo anakana, ati anyamata a ku Blantyre angabe nyimbo n'kumadya nazo. Anaidontheza penti yofiira ya njinga pakona kuti isasokonekere ndi ina, anaikulunga m'pepala la shuga, n'kuisunga m'sutikesimu. Pakhomo pano panalibe wailesi yoimbira kaseti. Ankainyamula m'thumba la malaya kupita nayo ku maukwati, ndipo akakwera matola ankaipereka kwa dalaivala. Ine ndakhalapo kumbuyo kwa galimoto pakati pa matumba a matemba, anthu osandidziwa akukuwa kuti watsala, wina n'kumandigunda ndi chigongono kuti mayi bwanji simukuseka.

Papita zaka, bambo anu akula, akwatira. Kunabwera chaka chimene chimanga chinapserera ndi dzuwa, nandolo n'kudyedwa ndi mbozi. Chiyembekezo chathu chonse chinatsala pa kamunda ka mpunga ku dambo la ku Chilwa. Inu mpunga mumaudziwa uli m'mbale. Ukayamba kucha, mpheta zimabwera ngati utsi. Munthu umafika kusanatenthe, kukwera pa nsanja, kukoka chingwe cha zitini za miyala, kukuwa mpaka mawu kutha. Ukaingitsa uku zatera uko. Agogo anu ankatsala kuno kumata matayala kuti tipeze mchere, ku dambo ndinkapita ndekha, ndipo mbalame zinkandiposa nzeru.

Woyandikana nane munda, a Esinati, iwo ankangokhala pa nsanja kuluka nkhata. Anali atazika timitengo m'munda monse n'kumangirira ulusi wa kaseti, uja wakuda wonyezimira wa mkati. Dzuwa likawomba unkang'anima, mphepo ikadutsa unkalira vuu, mbalame osayandikira. Anandiuza kuti aliyense ku dambo akuchita zomwezo, ndipeze kaseti yakutha basi. Ndinakumbuka kuti m'sutikesi mwathu munali ina ya kwaya, imene wailesi ya a Che Amidu inatafuna, agogo anu n'kuitola poti sankataya kanthu.

Tsiku loti mawa lake ndikaitenge, kunachitika kanthu kamene ndiyenera kukuuzani, chifukwa popanda iko nkhaniyi ikhala yokomera ine. Ndinapita ku chigayo ndi mayi anu, ali mtengwa watsopano, akundiopa, akundigwadira popereka madzi. Pa mzere paja bambo wina woledzera anandizindikira. Anayamba kupalasa njinga ya m'malere kuzungulira matumba, n'kutembenuka, maso tong'o, chigayo chonse n'kukuwa mawu aja. Mayi anu anayesetsa, mwana wa eni, analuma nsalu, koma mapewa ankagwedezeka. Ine mayi wa imvi, pamaso pa mpongozi wanga. Ndinasenza ufa wanga n'kubwerera kunyumba.

M'mawa mwake ndinatsegula sutikesi. M'nyumba zathu zakale zija zenera linali kabowo, mkati munkakhala mdima ngakhale kunja kutayera. Ndinapisa dzanja, ndinatenga kaseti, ndinaimanga kunsonga ya nsalu, ulendo ku dambo. Makaseti onse awiri anali akuda, ndipo ine zolemba sindiwerenga. Nditafika ndinatokosa ndi kamtengo, ulusi unatuluka, ndinayamba kukoka. Ana inu, simungakhulupirire kutalika kwake. Kanthu kolowa m'thumba la malaya kanazungulira munda wonse n'kutsalako. Nditamanga kamtengo komaliza ndinabwerera pa nsanja, ndinatola chikhokhombe cha kaseti ija, ndipo pakona pake panali dontho lofiira.

Funso limene landidya zaka zonsezi ndi ili: dontho lija ndinaliona nditamaliza, kapena ndinaliona ndisanayambe? Masiku ena ndimakumbuka bwinobwino kuti ndinadzidzimuka, ndinakhala pansi m'matope. Masiku ena ndimakumbuka chala changa chikukhudza pepala la shuga m'sutikesi muja, ndipo ya kwaya inalibe pepala. Zonse ziwiri ndimaziona ngati zachitika dzulo. Ndinakaulula kwa abusa, anandifunsa kuti tsono mukulapa kuti munachita dala kapena mwangozi? Ndinati ndi zimene ndabwera kudzafunsa inu. Anandipempherera choncho.

Ndinayesa kubweza. Ndinamasula mbali imodzi n'kumazunguliza ndi kamtengo, koma ulusi unali utapotana, wina utaduka, wina uli ndi matope. Ndinaika khutu pa ulusiwo kuti mwina ndimva kanthu, pakuti mpaka lero sindimvetsa kuti mawu a munthu amakhala pati m'kachingwe kopyapyala ngati tsamba la anyezi. Unkangoti vuu. Mwina amenewo anali mawu awo akutuluka n'kumapita ku nyanja. Ndinaumangiriranso pa kamtengo, poti kuwonongeka unali utawonongeka kale. Ndipo mbalame zinathawadi. Chaka chimenecho anthu ambiri anagona ndi njala, ife tinadya mpunga mpaka mvula ina.

Chikhokhombe ndinachisiya pansi pa nsanja masiku awiri, ndikuopa kubwera nacho. Kenako ndinachipukuta, ndinachikulunga m'pepala lake, ndinachibweza m'sutikesi. Ndinayamba kudikira tsiku limene adzafune kaseti yawo. Dzinja litatha kunali ukwati wa mwana wa mchemwali wawo. Ndinawaona akuvala malaya a thumba aja. Anadutsa sutikesi osaiyang'ana. Ku ukwatiko anthu anafunsa, iwo anati kaseti yatopa, ipume. Ukwati wina anati mawailesi a masiku ano amatafuna. Bambo anu atagula wailesi yawo n'kubwera nayo kuti amvere, anawauza kuti chinthu cha mtengo wapatali sachiseweretsa. Ine ndinkati Mulungu akundibisa. Nthawi zina ndinkati kapena aiwala. Ndinatenga kiyi n'kumuvala pakhosi, iwo osafunsa chifukwa chake. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndikanayamba ndi chiyani, poti ine mwini sindinkadziwa chimene ndinachita?

Banjo anapitiriza kuimba mpaka zala zitayamba kuuma. Kenako kunabwera makanema aja, ana anasiya kusonkhana akamva galoni ikulira, oitana ku maukwati anayamba kufuna masipika. Sanadandaule. Ankangoti anthu a m'bokosi satopa, sapempha chakudya, ungapikisane nawo bwanji. Koma ngakhale atakalamba, akanena kanthu pakhonde pano alendo n'kuseka, maso aja ankabwerabe kwa ine.

Atadwala komaliza munali ku sukulu, simunaone. Anaonda mpaka ndinkawatembenuza ndekha pa mphasa. Tsiku lina chakumasana ndikuwamwetsa phala, anakankha supuni n'kundiyang'ana.

"Amake Petulo, mpunga wa chaka chija unakoma."

Ndinafunsa kuti chaka chiti.

"Chija ndinaingitsa mbalame ku Chilwa ndili kuno kumata matayala."

Supuni inagwera m'phala. Anandiuza pang'onopang'ono, akupuma pakati, kuti tsiku lachiwiri lija anapalasa kubwera ku dambo kudzandipatsa chinangwa chophika. Ine ndinali kutsidya kwa munda. Anaona ulusi ukung'anima, anaona chikhokhombe pansi pa nsanja, anachitembenuza. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anachibweza pomwe chinali, anakwera njinga, chinangwa anadya okha panjira. Ndinafuna kugwada, ndinafuna kunena kuti sindikudziwa ngati ndinachita dala, koma anakweza dzanja.

"Zaka zonse zija anthu ankandinamiza kuti ndimatha kuimba," anatero. "Mbalame zokha ndi zimene zinanena zoona. Zitangomva, zinathawa dambo lonse."

Atatero anandiyang'ana pakamwa. Ndinadziwa chimene akudikira. Munthu anasunga nthabwala imeneyo zaka zoposa makumi awiri, akuisula, akudikira tsiku lake. Ine mutu unali utadzaza. Ndinkaganiza za maukwati onse aja, za kiyi pakhosi panga, kuti nthawi yonseyo ndinkabisira munthu wodziwa kale, iyenso akundibisira kuti akudziwa. Ndinasowa kuti ndilire, ndipepese kapena ndikwiye. Chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Imwani phala lisanazizire." Anagwedeza mutu pang'ono, anamwa masupuni awiri. Patapita masiku awiri anatisiya.

Ndiye m'sutikesimo muli chikhokhombe chokhachokha. Wa ku Limbe uja ngakhale akhale katswiri bwanji sapezamo kanthu. Bambo anu ndiwauza ndekha madzulo ano, inu musanditsogolere.

Koma sindinamalize. Kumanda, bokosi litatsikira kale, mkulu wa mpingo anaimirira kunena mbiri ya malemu. Ine ndinali pansi pa mkeka, nsalu kumutu, a Esinati atandigwira mapewa. Mkuluyo ananena za kubadwa, za ubatizo, za ana. Kenako anakweza mawu, nati malemuwa Mulungu anawapatsa mphatso, aliyense womva kuimba kwawo ankathamangira komweko. Pomwepo ndinaona dambo lonse lija, mpheta zili balala kuthawa, ndi agogo anu ataima ndi chinangwa m'manja akuonerera.

Chinayambira m'mimba. Ndinaluma nsalu, sichinamve. Mapewa anayamba kugwedezeka, misozi ikutsika, mpweya ukundithera. Azimayi anati mayi akomoka ndi chisoni, anayamba kundipepesa, ena kuthamangira madzi. A Esinati okha, poti anali atandikumbatira, anamva kuti uku si kulira. Anasuzumira m'nsalu mwanga, anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kundikokera mutu pachifuwa pawo kuti abale a amuna anga asaone. Ndinaseka mpaka anamaliza kukwirira. Ndinaseka gwelu lili pamtunda, kuseka kumene sindinasekepo chibadwire.

Ana inu, nthabwala ija inali yabwino. Inali yabwino zedi. Munthu anadikira zaka makumi anayi ndi zitatu kuti andimve ndikuseka, ine ndinachedwa ndi masiku atatu.